Alamu Athu a ku Wales ndi Timu Yawo ya Dziko

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1946 m'tauni ya migodi ya malasha kummwera kwa dziko la Wales, kumene mvula yamawawa imatha sabata osakata, mapiri nabisala mu nkhungu. Makolo awo anawatcha Emrys Prosser. Sukulu anaphunzira komweko, ndipo ankatiuza kuti agogo awo ankakwapulidwa m'kalasi akayankhula chinenero cha makolo awo m'malo mwa Chingerezi.

M'chaka cha 1964 anayamba kusewera mpira ngati otchinga kumbuyo mu timu ya tauni yawo. Loto lawo linali kuvala malaya ofiira a timu ya dziko lawo. Mu 1969 kunamveka kuti aitanidwa. Chaka chomwecho bondo linathyoka. Sanatukwane munthu, sanathawire ku mowa. Anaphunzira uphunzitsi wa mpira.

Mu 1973 anafika pasukulu ya mishoni ku Ntcheu kudzaphunzitsa masamu ndi mpira. Pa 13 Ogasiti 1977 anamanga ukwati woyera ndi mlongo wanga, Mayi Magdalene NaNgozo. Chichewa anachiphunzira mpaka kumatikonza ife eni.

Mu 2001 banja linasamukira kuno ku South Bend, m'dziko la America, kumene Mayi Magdalene anapeza ntchito ya unamwino. Malemu anaona ana athu akufunsidwa m'Chichewa nayankha m'Chingerezi, ndipo mtima unawapweteka. Mu 2002 anasonkhanitsa ana a kuno ndi a ku Indianapolis, anyamata ndi atsikana, nawatcha timu ya dziko. Lamulo linali lakuti woitanitsa mpira m'Chingerezi azungulire bwalo kawiri. Loweruka ankawanyamula pa minibasi kupita kubwalo la ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, kudutsa minda ya chimanga yosaoneka malire, ndipo ankati m'minda imeneyo ankaiwala dziko limene ali.

Mu Novembala 2007 anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. M'masiku otsiriza, m'chipatala ku Indianapolis, mutu utasokonezeka, ankati akuona bwalo lalikulu lonyowa ndi mvula, khamu likuimba nyimbo za kutchalitchi. Ankatchula timu ya Wales mmodzimmodzi: Mervin pagolo, Tiffany pakati, Kenan kutsogolo. Onsewo ndi ana anu. Mutu utayera, anapereka wezulo kwa mwana wawo wamkazi Chrissie, ine ndikuona. Anatisiya pa 14 Epulo 2008.

Anamfedwa anzanga, ndanena ndi a banja ndipo andilola kuyankhula ichi. Tamva manong'onong'o kuti timu yathera pano. Ena akuti ana awo sangamakochedwe ndi mkazi, ena akuti mashifiti achuluka ndipo kudilaiva maola atatu n'kotopetsa. Amenewo ndi mawu a ulesi, ndipo sayenera kutuluka m'kamwa mwa kholo. Mlendo anasunga chinenero chanu m'kamwa mwa ana anu zaka zisanu ndi chimodzi. Inu simungasunge Loweruka limodzi? Chrissie adzakhala pabwalo Loweruka lino nthawi ya 10 koloko m'mawa. Amene walira moona lero abweretse mwana wake.

Malemu asiya Mayi Magdalene, ana awiri, Gray ndi Chrissie, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo ku Wales. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, amayi amene akhala akuphika, ndi ana amene anyamula bokosi atavala zofiira.

Alamu, mpira watha, bondo silipwetekanso. Mzimu wanu uuse mumtendere.