Galu Amene Ndinkamuthamangitsa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu ana athu kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu.

Ndikufuna kuchitira umboni. Mukundidziwa, ine si munthu woima kutsogolo kuno. Malo anga ndi aja a pafupi ndi khomo. Ndiye mukamva mawu akunjenjemera, mundipirire. Ndineneretu kuti mu umboni wanga muli galu. Inde, galu. Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mtima, kuti munthu waimvi ngati ine ndikaime m'nyumba ya Mulungu kukamba za galu, anthu adzati chiyani. Koma ndikakhala chete ndiye kuti ndabisa chimene Ambuye andichitira.

Ambiri a inu munalipo pamene tinaika m'manda amake Tadala, mkazi wanga, kuno ku Indianapolis. Munandigwira mkono, munaphika, munaimba. Mulungu akudalitseni. Koma maliro amatha, anthu amabwerera ku mashifiti awo, ndipo m'pomveka, kuno si kumudzi. Ine ndinatsala m'kanyumba kathu ku Beech Grove. Ndinkapita kuntchito, ndikaweruka n'kudzakhala pampando. Pampando pomwepo ndinkadyera, ngati ndadya. Kudya kwake buledi ndi tiyi, kapena zija za m'zitini zodzaza mchere. Mapiritsi a BP ndinkamwa tsiku limene ndawakumbukira. Lamlungu mukandifunsa ndinkati, "Ndili bwino, kaya inu." Sikuti ndinkafuna kukunamizani, koma ndi mmene timayankhira.

Mutu unayamba kupweteka kumbuyo kuno, cha kukhosi. Makutu kulira. Ndikamva mtima ukugunda ndinkaima n'kumaumvetsera, ndipo ndikaumvetsera unkagunda kwambiri. Abale, mantha ndi matenda. Imfa yeniyeniyo sindinkaiopa, ndikudziwa kumene ndikupita. Chimene ndinkaopa ndi kugwa m'bafa, pakamwa patapotoka, foni ili kuchipinda, wondimva palibe. Ndinkachiona chimenechi m'maso mwanga ndikusamba, ndinkachiona ndikudrayiva, ndinkachiona ngakhale muno tikupemphera.

Mwana wanga Tadala ndi namwino ku South Bend. Tsiku lina anangotulukira osandiuza, anandiyang'ana nkhope, nati, "Adadi, valani jekete." Tinapita kwa dokotala. Dokotala anayeza mkono uwu, anayezanso winawu, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi. Dokotala akakhala pansi n'kuyamba kulankhula mofatsa, dziwani kuti zinthu sizili bwino. Anati ndikapitiriza chonchi sitiroko siili patali. Anandisinthira mankhwala, anati ndiziyenda tsiku lililonse, ndidzabwerenso nyengo yozizira ikadzatha.

M'galimoto Tadala sanalize injini msanga.

"Adadi, ndikuuzireni pompano. Tikadzabweranso, BP ikadzakhala chonchi, mukupakira. Kubesimenti kwanga, kuchipinda chapansi kuja, kuli bedi, kuli bafa. Ine sindingamagwire ntchito mtima uli m'mwamba, foni ikalira n'kumaganiza kuti ndi za inu."

Ndinati, "Nanga amayi ako ndiwasiya ndi ndani?"

"Amami ali kwa Ambuye, adadi. Ine ndatsala ndi inu."

Mwanayo sankalakwa. Koma manda a mkazi wanga ali kuno. Mpingo umene unandigwira mkono uli kuno. M'nyumba muja makatani amene anasoka yekha akadali pazenera. Kundichotsa pamenepo kukanakhala kundiikitsa maliro kachiwiri. Ndinapemphera, abale, ndinati, Ambuye, nditsitsireni BP iyi, ndisachoke. Ndinkayembekeza kuti yankho libwera mwaulemu, mwina kudzera m'mapiritsi atsopano aja, mwina kudzera m'manja mwa abusa.

Loweruka lotsatira Tadala anabweranso. Anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto, munatsika galu wofiirira, wa miyendo yaifupi, khutu limodzi logwa, wachikulire ndithu.

"Uyu ndi Bisiketi," anatero. "Mwini wake anamwalira, ndamutenga kumalo kosungira agalu. Nayenso ndi namfedwa ngati inu."

Ndinati, "Ndinakuuza kuti kuno kwavuta akuba?"

"Si wa akuba, adadi. Ndi woti azikuyendetsani."

Anatsitsa chingwe, mbale ziwiri, thumba la chakudya, ndi bedi. Galu, bedi lake! Mukuseka, koma ine sindinaseke. Kwathu galu amagona panja, amadya zotsala, ndipo akalowetsa mutu pakhomo amakumana ndi tsache. Tadala atangonyamuka ndinamumanga galuyo pakhonde lakumbuyo, ndinamuikira katoni ndi chiguduli. Ndinaona kuti ndamuchitira ulemu waukulu.

M'mawa mwake kunagogoda mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nane, munthu wabwino, wopuma pantchito. Anati wamva galu akulira, ndipo kuzizira kwa kuno galu wotere angafe panja. Anawonjezera kuti anthu ena akaona zotere amaimba foni kuboma. Analankhula mwaulemu, koma mukudziwa mmene mawu oti boma amatilowera ife alendo m'dziko muno. Mutu unayamba pomwepo. Ndinamasula galu uja n'kumulowetsa kukhitchini.

Apa ndiye panayambira nkhondo. Ndikapita kusinki, ali pambuyo. Ndikakhala pampando, mutu wake uli pabondo langa. Ndikatsegula Baibulo, ali pamapazi akundiyang'ana. Ine ndinkati, "Choka!" Inu ana obadwira kuno mawu amenewa mukuwadziwa, ndi aja amakuuzani amayi anu mukaima kutsogolo kwa TV. "Choka!" Osasuntha. Ndiye ndinapeza nzeru. Ndinkanyema kachidutswa ka buledi, n'kunena kuti "Choka," n'kukaponya kutali kukona. Iye ankathamangira komweko, ine n'kupuma pang'ono. Tsiku ndi tsiku, choncho. Ndinkaganiza kuti ndikumuphunzitsa mwambo.

Dzina loti Bisiketi sindinalitchulepo. Munthu wamkulu kumakuwa "Bisiketi, Bisiketi" pamsewu, ngati wogulitsa malonda padepoti?

Koma galu wa m'nyumba ayenera kutuluka, apo ayi mukolopa nokha. Kukangocha ankakanda chitseko. Sadziwa kuti kunja kwagwa sinowo, sadziwa kuti mutu ukupweteka, sadziwa kuti ndiwe namfedwa. Amangokanda. Ndinkavala jekete ndi magolovesi ndikung'ung'udza. Masiku oyamba tinkangofika pakona n'kubwerera, ine ndikupuma movutikira, dzanja lili pachifuwa. Ndinkaopa kuterereka, ndinkaopa kugwera m'sinowo anthu n'kudzandipeza nditauma. Koma iye ankakoka, kufuna kununkhiza mtengo wotsatira, ndiyeno wotsatiranso. Mosadziwa tinayamba kufika kupaki.

Munthu ukayenda umamva njala. Ndinayambanso kuphika, nyemba, masamba, nkhuku, mchere pang'ono monga anandiuzira. Botolo la mapiritsi ndinaliika pamwamba pa thumba la chakudya chake, ndiye ndikamamupatsa chake ndinkamwa anga. Iye saiwala nthawi yakudya, choncho nanenso ndinasiya kuiwala. Chinanso, ndipo ichi ndikuchita nacho manyazi pang'ono, ndinayamba kulankhula naye. M'Chichewa. Chichokereni mkazi wanga, m'nyumba muja simunamvekenso Chichewa. Pakamwa pankachita kuuma. Tsopano ndinkamuuza za kuntchito, za mitengo ya zinthu ku Lafayette Square, mpaka kumuimbira nyimbo za m'buku. Sankayankha, koma ankamvetsera kuposa anthu ena.

Musaganize kuti mantha anatha ayi. Tsiku la dokotala linkayandikira, ndipo Tadala akaimba foni ankafunsa, "Mwadziyeza?" Kamakina koyezera kanali m'nyumba, koma ndinkakaopa ngati njoka. Ndikangokavala pamkono mtima unkayamba kuthamanga. Ndinkati, "Ndiyeza mawa."

Ndiye kunabwera m'mawa wina umene sindidzauiwala. Sinowo anali atayamba kusungunuka, pansi poterera. Tinali pafupi ndi msewu waukulu, nthawi imene anthu amathamangira kuntchito. Gologolo anadumpha pamtengo, galu anakoka mwamphamvu, chingwe chinapulumuka m'golovesi. Ndinangoona akuthamangira kumsewu, chingwe chikukwekwereka pambuyo.

Ndinakuwa, "Bisiketi!" Koyamba m'moyo wanga. Sanatembenuke n'komwe.

"Bwera! Bwera kuno!" Ayi ndithu.

Anafika m'mphepete mwa msewu, miyendo yakutsogolo ili kale pa tala, ndipo kumanzere kunkabwera lole. Ine ndikuthamanga, munthu amene dokotala anati sitiroko siili patali, ndikuthamanga pamalo poterera. Pakamwa panangotuluka mawu amene timanena kwathu tikaona galu ali pangozi: "Choka! Choka pamenepo!"

Abale, galu uja anaima. Anatembenuka, khutu lija lili lendelende, n'kuthamanga kubwera kwa ine. Anadzakhala pamapazi anga n'kumayang'ana dzanja langa, kudikira buledi. Lole inadutsa.

Ndinagwada m'matope momwemo n'kumugwira. Mtima unkagunda ngati utuluka pakamwa. Ndinati, basi, ija ndinkaiopa yafika, ndigwera pano. Ndinadikira. Ndinagwira pakamwa, panali pabwinobwino. Ndinapinda zala, zinapindika. Sinabwere.

Ndili chogwada choncho m'pamene ndinazindikira. Galuyu ankadziwa kuti dzina lake ndi Choka. Miyezi yonse ija ine ndinkamuthamangitsa, iye ankamva kuti ndikumuitana kuti adzadye. Ine ndikuti pita, iye akumva kuti bwera. Ndinalira pamsewu paja, munthu wamkulu, anthu akudutsa m'magalimoto. Ndinapempha Ambuye thandizo, anatumiza, ine n'kumaliuza kuti lichoke m'mawa ndi madzulo, koma silinachoke. Ndipo chichokereni mkazi wanga, aka kanali koyamba kuti ndiope chifukwa cha moyo wa wina, osati wanga.

Tsiku la dokotala linafika. Tadala anabwera kuchokera ku South Bend, ndipo kumbuyo kwa galimoto yake ndinaona makatoni opinda. Ndinadziwa kuti ndi opakiramo katundu wanga. Tinalowa m'chipinda choyezera. Namwino anandimanga kansalu kaja pamkono, kanafufuma, kanafinya. Tadala anayang'ana pamakina, kenako anayang'ana pansi.

"Adadi, tinagwirizana," anatero motsitsa mawu.

Ndinayamba kuganiza zoti makatani aja ndiwatenga kapena ndiwasiya.

Dokotala analowa, anaona kuti BP ikadali yokwera, anandiyang'ana ine. Anati, "Bambo, mukunjenjemera. Tisathamange. Khalani kaye, tiyezanso." Ndiye pofuna kundicheza anafunsa ngati ndimayenda monga anandiuzira. Ndinati ndimayenda, pali amene amandikakamiza. Anafunsa kuti ndani. Ndinayamba kumufotokozera za galu, za buledi, za lole ija. Tadala nkhani ya lole anali asanaimve, anatsegula maso. Dokotala anafunsa tanthauzo la dzina loti Choka, Tadala atamumasulira anaseka mpaka kuvula magalasi. Nanenso ndinaseka. Ndikusekabe choncho anandimanganso kansalu kaja.

BP inali itatsika, abale. Anayeza mkono winawu, chimodzimodzi. Anati si ya mnyamata ayi, mankhwala ndisasiye, ndipo ndizidziyeza kunyumba ndili phee. Koma anati poyerekeza ndi pomwe ndinali, ndachoka kutali, ndipo zimene ndikuchitazo ndipitirize.

M'galimoto Tadala analira. Atapukuta misozi anati, "Chabwino, khalani. Koma foni muziyankha. Ndipo chingwecho muzichikulunga padzanja, mwamva? Musadzathamangenso pa ayisi."

Ndinati, "Ndamva, amayi."

"Musandiseke, adadi."

Makatoni aja anabwerera nawo ku South Bend ali opinda.

Ndisanakhale pansi, ndinene ichi kuti wina asandimve molakwa. Sindikunena kuti galu ndi mankhwala. Mapiritsi ndikumwa, kwa dokotala ndikupita. Sindikutinso aliyense akatenge galu, ena mumakhala m'nyumba zimene salola, ena mashifiti anu ndi aatali, mungamuzunze. Ndikungonena zimene zinandichitikira ine. Ndimayenda, ndimadya, ndimagona tulo, ndipo anthu a mumsewu mwathu amene kale sankandidziwa tsopano amandipatsa moni, ngakhale amayamba kupatsa moni galuyo.

Mantha sanatheretu. Galuyu ndi wokalamba, pakamwa pake payera ngati mutu wangawu, ndipo masiku ena akamakwera masitepe amaima kaye. Ndikamuona choncho mtima umayambanso. Ndimadzifunsa kuti akadzapita ndidzatani, kodi ndidzabwereranso pampando paja? Sindikudziwa. Pamenepo mundipempherere. Ndipo inu amene mukudziwa wina amene akukhala yekha, akamati ali bwino, mufunseninso kachiwiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva. Ndikuthokoza mwana wanga amene sanandimvere. Ndikuthokoza inu abusa pondipatsa mpata uwu, ndi inu nonse posanditulutsa panja ndi nkhani yanga. Ndikadali pakati panu, ndikadali wa mpingo uno. Imani nane, abale, tiombe m'manja, tikondwere limodzi, pakuti Ambuye ndi wabwino.

Koma tikamaliza mapemphero mundikhululukire, tiyi sindimwa nanu lero. Ndithamangira kunyumba. Kuli amene akundidikira pazenera.

Aleluya. Ameni.