Ndinadziona pa Chithunzi cha M'balani ya Fodya

Inu apawailesi, ndiwerengereni nkhaniyi anthu amve.

Ndine mphunzitsi kuno ku Chamama, ndipo ndimajambulako zithunzi pamaukwati. Mwezi wathawu anandipempha kuti ndikaweruze mpikisano wa achinyamata amene mitu yawo imachedwa kugwira zinthu. Anali atawabwereka mafoni kuti ajambule zimene amaona kwawo.

Chithunzi china chinali mdima wokhawokha, pakati pokha kuwala kolowera pamng'alu wa chitseko. Nditayang'anitsitsa, ndinazindikira malowo. Pamng'alupo panali njinga yanga yamoto, ndi ineyo nditakhala pakhonde la mkulu wa mpingo wathu, ndikumwa thobwa!

Ndinafunsa mtsikana amene anajambulayo kuti, "Mwanawe, unaima pati?"

"M'balani ya fodya," anayankha akumwetulira. "Kukabwera alendo, adadi amanditsekera mmenemo. Koma inu aphunzitsi mumakhalitsa, mpaka ndimamva njala."

Pakhomopo ndakhala ndikuchezapo zaka zambiri osadziwa kuti pali mwana ameneyu. Mayi ake ndiwo anamulembetsa mpikisanowo mobisa.

Lamlungu lino ndipitakonso. Thobwa lawolo sindilawa mpaka mtsikanayo atakhala nane pakhonde.