AMakwerero Anapempha Kutsala M'mbuyo

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi nonse, nayi mbiri ya malemu bambo athu.

Malemu, amene ambiri munkawadziwa ndi dzina loti aMakwerero, anabadwa m'chaka cha 1952, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya basi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu anaphunzira mpaka kumaliza pulayimale. Mphunzitsi wina, ataona kuti mwanayu amalemba mzere wowongoka popanda rula, anakawapereka kwa mmisiri wopaka penti, ndipo ntchito imeneyo anaigwira zaka zoposa makumi anayi. Anapaka masitolo, makalasi, zipinda za odwala, ndi tchalitchi chathu chomwe. Dzina lija linadza chifukwa munkayamba kuona makwerero akukhota pakona, mwiniwake n'kutulukira pambuyo. Pantchito anali ndi lamulo limodzi: sankapaka khoma lonse asanayese kaye pang'ono kuseri kwa chitseko, n'kudikira kuti paume. Penti yotsala sankapita nayo. Ankaisiya m'kachitini kwa eni nyumba, akumati ana adzakanda khoma, mudzaifuna.

M'chaka cha 1977 anakwatira mayi athu, amene ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Mulungu anawapatsa ana asanu, ndipo mmodzi anatsogola ali wakhanda. Kumpingo anali munthu wofika m'mawa kudzapukuta mabenchi. Kukwaya anayesako, koma wotsogolera anawapempha mwaulemu kuti Mulungu azimutumikira ndi burashi. Nkhaniyi ankainena okha, akuseka.

Atakula, mayi athu anadwala matenda oiwala. Anaiwala makina awo osokera, anaiwala mayina a ife ana awo, koma bambo sanawaiwale. Chakudya ankalandira m'manja mwa bambo okha. Wina akabwera ndi supuni, ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Bambo anachepetsa ntchito, n'kumagwira zapafupi zokha kuti masana azipezeka pakhomo.

Ndi m'masiku amenewo pamene anayamba kuona mkodzo wofiira. Ankapaka penti yofiira ya pansi m'nyumba ina yosowa mpweya, choncho anaganiza kuti pentiyo ndi imene yawalowa m'thupi. Anayamba kumwa mkaka, monga amachitira opaka penti, n'kukhala chete miyezi ingapo. Mpongozi wawo ndiye anaona madontho a magazi pochapa zovala. Sanauze aliyense, sanawachititse manyazi. Anangowasitira malaya n'kuwauza kuti mawa akuwaperekeza kuchipatala. Kumeneko anawapeza ndi khansa ya m'chikhodzodzo.

Adokotala anafotokoza kuti mankhwala amphamvu a khansa sakanatheka, chifukwa impso za bambo zinali zitafooka. Opaleshoni yochotsa chikhodzodzo ikanawagoneka nthawi yaitali, ndipo bambo anafunsa kuti nanga kunyumba atsala akudyetsa ndani. Panatsala njira imodzi, mankhwala a diripi amene salimbana ndi chotupa okha, koma amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chichite nkhondoyo. Vuto lake, mankhwalawa sagwira kwa aliyense. Choncho anatenga kachidutswa ka chotupacho n'kukatumiza ku labu, kuti akaone m'majini ake, tinthu ta m'kati timene timalamulira kakulidwe ka chotupa, ngati muli zizindikiro zoti mankhwalawo angagwire. Bambo atamva anagwedeza mutu, nati, "Ndiye kuti mukuyesa kaye kuseri kwa chitseko. Chitani choncho adokotala, tidikire paume."

Kudikirako kunali kowawa. Abusa atabwera kudzawaona anafunsa kuti apemphere chiyani. Bambo anayankha motsitsa mawu, poti mayi anali akuwodzera pampando pomwepo. Anati, "Zaka zana ayi, abusa. Mungopempha kuti nditsale m'mbuyo mwa mayiwa, ngakhale pang'ono pokha. Ndikatsogola ine, adzafa ndi njala chakudya chili patebulo." Ife ana tinali pakhomo la kukhitchini, ndipo pemphero limenelo tinalisenza tonse.

Zotsatira zitabwera, zizindikiro zinapezeka zabwino. Adokotala anachenjeza kuti chimenecho si chitsimikizo, ndi mwayi chabe wokulirapo. Bambo anayamba kulandira diripi. Namwino wa m'chipinda cha diripi, atamva za kunyumba, ankawasungira mpando woyamba kuti azibwerera dzuwa lisanakwere. Tsiku la diripi likatalika, mchimwene wathu wamkulu ankavala ovolosi ya bambo, yonunkha penti ija, n'kukhala pansi ndi mbale. Mayi ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa, "Inu mwanenepa liti?" Koma pakamwa ankatsegula, masupuni awiri kapena atatu, mpaka eniake afike.

Chotupa chinachepa. Mulungu anawonjezera zaka zitatu, ndipo m'zaka zimenezo mayi sanagonepo ndi njala. Chaka chatha, nthawi yozizira, mayi anatisiya m'mawa wina atatsamira pa mkono wa bambo, atangomaliza kumwa tiyi.

Patangopita miyezi yochepa, matenda a bambo anabwerera, ndipo ulendo uno anafika m'mafupa. Adokotala anawauza mopepesa kuti mankhwala aja asiya kugwira. Bambo anawagwira dzanja, nati asapepese, mankhwalawo amaliza ntchito imene anawalembera. Kuyambira pamenepo ankagona tulo tabwino, ankadya zimene akufuna, ndipo madzulo ankakhala pakhonde n'kumaitana aliyense wodutsa. Anamwalira Lachiwiri lapitali m'mawa, kunyumba, ana awo tili pomwepo.

Banja likuthokoza adokotala ndi anamwino, ogwira ntchito ku labu amene sitinawaonepo nkhope, amayi a mumpingo, ndi anansi athu a nyumba yoyandikana, amene ankasesa pakhomo pathu tisanadzuke, osanena kanthu.

Malemu asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, apongozi anayi, zidzukulu khumi ndi chimodzi, chidzukulutudzi chimodzi, ndi mlongo wawo mmodzi. Mkazi wamasiye sanasiye. Chimenecho ndicho anapempha, ndipo Mulungu anamva.

Apumule mu mtendere, pambali pa mayi.