Komputadori Yovala Kapulana

— Halo? Gracinda?

— Ndikukumvani, alamu a Tomás. Mwandibipa mobwerezabwereza, ndati ndiyimbe, kaya kwagwa zotani ku Nhartanda. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya iwe ku Josina Machel?

— Tilipo, koma dzuwali latiwamba. Mana Celeste ali bwanji?

— Mkulu wako ali bwino, ali kuseri akusoka. Chifuwa cha mwana wako Stélio chija chinatha?

— Chinatha, pano akungotha chakudya. Ana kumeneko?

— Onse ali gwa. Nanga makomputadori ako a kusukulu aja?

— Amandiopa amenewo, sayerekeza. Alamu, kredito ikudyekayi ndi yanga. Nenani.

— Linux wako uja ubwere udzamuchotse mu komputadori yangayi.

— Walakwanji?

— Akuzima. Ndikangolowa masewero a magalimoto aja, ndazungulira kamodzi, kawiri, basi phi, mdima. Anzanga kumsika akuti ndiyikemo Windows.

— Anzanu ogulitsa mbatata aja?

— Usawanyoze, wina ali ndi mwana ku Beira wodziwa zimenezi.

— Ayimbireni a ku Beira, ine ndidule.

— Iwe, tandithandiza.

— Chabwino. Ikamazima imayamba yauma kaye chithunzi, kapena imangothima ngati magetsi apita?

— Ngati magetsi apita. Koma babu imakhala ikuyaka.

— Mukayatsanso nthawi yomweyo?

— Imakana. Mpaka ndiyisiye ipume.

— Ndiye Linux musiyeni, alibe mlandu. Makinawo akudzizimitsa okha kuti asapse. Muli pafupi nawo?

— Ndili pamaso pake.

— Tsegulani kawindo kakuda kaja ndinakusonyezani, terminal.

— Kolembamo malamulo kaja? Ndatsegula.

— Lembani sensors. Ese, e, ene, ese, o, ere, ese. Kenako Enter.

— Pang'onopang'ono... Halo? Ukuduka.

— Ndi rede yanu ya kuchigwako, netiweki yake ndi yofooka. Musasunthe. Mwalemba?

— Zatuluka zambirimbiri.

— Pezani mzere wa manambala okhala ndi C kumapeto. Kumeneko ndi kutentha kwa mkati.

— Pali oitenta e oito, ma eyiti awiri ogundizana.

— Masewero muli mutatsegula?

— Ayi.

— Alamu, madzi amawira pa cem, pa handiredi. Makina anuwo, asanagwire n'komwe ntchito, atsala pang'ono kuphika tiyi. Gwirani kumbuyo kwa bokosi, pamene pamatulukira mphepo. Mukumva chiyani?

— Nsalu.

— Nsalu yanji?

— Chovala chake. Mkulu wako anaisokera chovala cha kapulana, chitenje chija, poopa fumbi. Chokongola, cha maluwa achikasu, chili ndi zipi kumbali.

— Chafika mpaka kumbuyo?

— Thupi lonse. Anangosiya kabowo ka batani ndi ka mawaya. Iwe umamudziwa mkulu wako, akasoka chinthu chimakwana ndendende.

— Anasoka liti?

— Kumayambiriro kwa mwezi uno.

— Kuzimako kunayamba liti?

— Ndikuganiza.

— Musavutike, ndakuganizirani kale. Mu Tete muno, mwezi wa Novembro, inuyo atakuvekani jekete n'kukuuzani kuti thamangani, mungafike pa mlatho?

— Koma fumbi la kuno, Gracinda.

— Fumbi timapukuta. Zimitsani, muzule waya kukhoma, muivule.

— Akamva Celeste...

— Mudzati ndanena ndine. Tinakula tikukangana, sizachilendo. Mwavula?

— Ndavula. Mayo, chitsulochi chikuwotcha.

— Kumbuyo kuli timasikuluwu tiwiri togwira chitseko cha m'mbali. Masulani, ngakhale ndi mpeni.

— Dikira... Chatseguka. Muli thonje lakuda umu.

— Ndi fumbi limenelo. Mukuiona ventoinya, kachipupiza kaja kali pakati? Igwireni ndi chala isazungulire, mupope mphepo ndi pampu ya njinga. Osati pakamwa, mungalavuliremo.

— Pampu ili pompa. Ndayika foni pansi... Wamva kutsokomolako? Nyumba yonse yachita utsi.

— Ndiye kuti zatheka. Chitsekocho musabwezere lero. Tengani ventoinya yaikulu ya pabalaza, muilozetse mkatimo. Kenako muisiye ipume mpaka dzuwa lilowe.

— Mpaka dzuwa lilowe? Sizitheka. Dezasseis horas, folo koloko, yatsala pang'ono.

— Masewero okhawo? Mudzasewera mawa.

— Mawa kulibe. Ndi Lamulungu lokha.

— Alamu, munthu wamkulu ngati inu, wa ana asanu, magalimoto a pa galasi...

— Amene ndimapikisana naye ndi Aurélio.

— Aurélio uti?

— Mng'ono wanga.

— Wa ku Malawi uja? Mana anandiuza kuti simuyankhulana.

— Sitiyankhulana. Chibwerereni ife nkhondo itatha, mawu ake sindinawamvepo. Iye anali atapeza mkazi ku Dedza, anati sabwerera kumabwinja. Lole ya othawa kwawo inanyamuka, iye ali chilili pamsewu, osatsanzikana. Basi.

— Nanga masewerowa?

— Mwana wake, Clinton, ndiye anatuma munthu wa mbatata wa ku Tsangano kudzandiuza dzina la malo osewerera ndi nthawi yake. Ndi chifukwa chake ndinakuvutitsa chaka chatha kuti undiikire masewerowa. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja, tili anyamata, tinkapanga magalimoto a mawaya, n'kumathamangitsana mpaka kumpopi. Ndiye pano Lamulungu lililonse galimoto yake yofiira imabwera, yanga yoyera. Timathamanga, wina apambane, tizimitse.

— Osalemberana kanthu?

— Olo liwu limodzi. Koma amabwera, Gracinda. Mvula, dzuwa, amabwera. Ndiye masabata awa ndakhala ndikuzimiririka pakati pa mpikisano, iye akutsogola. Sabata yatha makina atapuma ndinalowanso, ndinapeza wapita, koma pakona pa galasi wasiya mawu.

— Akuti chiyani?

— Akuti, "Mwathawanso."

— Ndiye munatani?

— Ndinakhala pampandopa mpaka Celeste anadzandiitana. Lero ikazimanso, ndikudziwa, sadzabweranso. Ndi wamakani ngati bambo athu.

— Simunamuyankhe bwanji?

— Sindidziwa polembera. Unandiphunzitsa kuyendetsa kokha.

— Alamu inu. Bwezerani waya, yatsani.

— Suja wati ipume?

— Ndasintha. Ventoinya yaikulu ija ikuzungulira?

— Ikupemerera mkati mwenimweni.

— Lembaninso sensors. Mukangodina kamuvi kopita m'mwamba, lamulo lija limabwerera lokha.

— Cinquenta e dois. Yatsika, pali faifi ndi thuu.

— Tsegulani masewero, muyendetse nokha pang'ono, muonenso.

— Dikira... Sessenta e cinco, sikisi ndi faifi. Yaima pomwepo.

— Imeneyo sizima. Mukhoza kuthamanga mpaka ku Zóbuè n'kubwerako. Ikazima, ndidzakugulirani ina ndi malipiro anga.

— Ukunena zoona?

— Ndinayamba ndakunamizanipo pa makina? Lowani kumene mumakumanako.

— Modemu ikuphethira... Ikulowa... Palibe munthu.

— Nthawi yakwana?

— Yapitirira pang'ono. Iye sachedwa, Gracinda. Amakhala atafika kale.

— Ku Malawi nakonso magetsi amathima. Khalani pompo.

— Kredito yako...

— Isiyeni, ndi yanga.

— Mwina watopa nane. Munthu ungamudikire kangati... Wabwera. Yofiira ija, yaima pambali panga.

— Musanyamuke. Dinani T. Pansi patuluka kamzere kolembamo.

— Katuluka. Ndilembe chiyani?

— Zimenezo si za Linux, alamu.

— Ndalemba kuti, "Sindinathawe. Makina amatentha. Ndili pano."

— Enter.

— Ndadina. Sakuyankha. Mpikisano wayamba, koma galimoto yake yangoima. Yanganso ndaimika.

— Musiyeni, mwina akufunsa Clinton polembera.

— Zabwera. Akuti, "Ku Tete n'kotenthadi." Zinanso... Akuti, "Achimwene, nambala yanu."

— Mpatseni. Muyambe ndi dois, cinco, oito, kodi ya dziko lino, apo ayi sizilowa kuchokera kunja.

— Ndalemba. Gracinda, ndikamva mawu ake ndinena chiyani? Mwina pano ali ndi imvi. Mwina sindiwazindikira n'komwe mawuwo.

— Muwazindikira.

— Mufoni muno mukulira kanthu, tii, tii. Ndi kredito yako ikutha?

— Yanga ilipo. Chotsani kukhutu, muone pa galasi.

— Nambala yachilendo. Yayamba ndi dois, seis, cinco.

— Ndi ya ku Malawi imeneyo, ndiye mukuyankhuliranji ndi ine? Dinani chobiriwira. Ndadula.