Makope a Amayi Apita ku Yunivesite

Pamzere wa fotokope panali mtsikana atakumbatira katoni ya makope akale, ndipo kumbuyo kwake kunali bambo wa suti yotuwa.

"Mwananga, makope onsewa? Ife tichoka pano lero?"

"Pepani bambo, lero lokha mundipirire. Anditenga! Tinalembera anthu mazana atatu, malo anali anayi okha."

"Akutenga ntchito?"

"Ayi, digiri yachiwiri ku yunivesite, zonse alipira okha. Ndikukafufuza zomwe andale amachita akalowa m'tchalitchi."

"Zimenezonso n'zophunzira? Umboni wake uupeza kuti?"

"Ndi uwu ndanyamulawu. Amayi anali mlembi wa mpingo zaka makumi awiri. Mlendo aliyense ankamulemba: tsiku, pomwe wakhala, zomwe wanena. Amalume ankafuna kuyatsira moto makopewa, ati ine ndisiye sukulu ndizikakwatiwa. Koma aprofesa atawaona anaimirira n'kundigwira chanza."

"Ehe! Mayi ako ndi akatundu. Mpingo wake uti?"

"Uja wa kuseri kwa msika."

"Aa, kumeneko ndinkapemphera ine, nthawi yomwe ndinali khansala."

"Ndakuzindikirani kalekale, bambo. Muli m'kope lachitatu. Munabwera kawiri, maulendo onsewo kutatsala sabata kuti tivote."

"Analemba zabwino?"

"Analemba kuti munaimba mokweza kuposa kwaya, buku la nyimbo mutalizondotsa."

"Iii! Dzina langa ulichotsa, eti?"

"Dzina ndichotsa, malamulo a kafukufuku amatero. Koma buku lozondoka lija, bambo, ndiye mutu wanga woyamba."