Pepala la ku Chipata limene tinaliveka pulasitiki

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Ndine Nabanda, telala wa pakhonde la golosale pa Namitete. Ena amati Nabanda amathira mchere wambiri pa nkhani. Lero sindiwonjezera kanthu. Pano ndi pa tchalitchi.

Ambiri mukudziwa kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Kabudula, ndipo tinakakhala ku Chipata, ku Zambia, iye akugulitsa matayala, ine ndikusoka. Zimene zinkachitika m'nyumba imeneyo sindinena, muno muli ana. Banja linathera kukhoti la komweko. Woweruza analemba kuti ukwati watha, mwana wathu Tadala azikhala ndi ine, bambo ake azimutenga pa holide. Anadinda chidindo chopanda inki, chongotupitsa pepala, chimene umachimva ndi chala. Ndinabwerera kuno ndi makina, mwana ndi pepalalo.

Nditafika, alongo anga a Gidiyoni, omwenso ndi ankhoswe anga, awo akhala apo akuyang'ana denga, analigwira pepala lija n'kunena kuti, "Mlongo, ichi n'chinthu chachikulu, ndipo kuno kuli chiswe. Satifiketi yanga ya Sitandade 8 chiswe chinadya dzina n'kusiya magiredi okha. Tikaliveke pulasitiki." Anapita nalo kwa a fotokope, analilowetsa m'makina otentha aja. Linabwera likunyezimira, lolimba ngati lata. Tsiku lina ndinadulira dzungu. Zoona.

Pa holide ya Isitala bambo a Tadala anadzamutenga mwana, kupita naye kwa agogo ake ku Kabudula. Sukulu zinatsegulidwa, mwana osabwera. Ndikaimba foni inkangolira mpaka kutopa yokha. Sabata yachiwiri, mkazi wa msuweni wa bambo a Tadala, amene timamvana, anandiimbira monong'ona. "Anabanda, fulumirani. Fodya akangogulitsidwa akuti bambo a Tadala akupita ku Joni, ndipo mwana akupita naye."

Abale anga, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Joni! Ine amene sindidziwa ndi komwe msewu wake umakhotera.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi, kenako kabaza, pepala lili pachifuwa ngati chishango. Ndinapeza apongozi anga akale ali pa chigafa, akusankha fodya. Mabelo anayi anali atamangidwa kale. Tadala atandiona anathamanga n'kundikumbatira m'chiuno, funso lake loyamba: "Amayi, mwanditengera yunifolomu?"

Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinatulutsa pepala. Agogo aja analitenga, analitembenuza, n'kuyamba kudzikupiza nalo.

"Lili ndi kamphepo kabwino," anatero. "Koma amake Tadala, ukwati wanu tinamanga pano. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo uwo, nkhuku inadyedwa. Ndiye aumasule munthu wa ku Zambia amene sanalaweko ndi chiwindi chomwe? Kwa ife ndinu mkazi wa pano. Mukufuna mwana, bwerani mudzakhale pabanja panu."

Bambo a Tadala anali kuseri kwa mabelo, akumanga chingwe chimodzi chomwecho kwa ola lathunthu. Ndinabwerera ndekha. Mwana anandiperekeza mpaka pa mjigo, anamuitana, anabwerera akucheuka. Amayi, inu mukudziwa kucheuka kumeneko.

Kupolisi anandilandira bwino, koma anati imeneyo ndi nkhani ya khoti. Tinapita ku Lilongwe ndi a Gidiyoni. Kalaliki wa kukhoti, mayi wodekha, anatifotokozera kuti chigamulo cha dziko lina sichigwira ntchito chokha kuno. Khoti la kuno liyenera kuchiona kaye, kutsimikiza kuti n'chenicheni, n'kuchivomereza. Ndinati palibe vuto, pepala ndili nalo, n'kuliika patebulo. Linalira ngati mbale.

Mayi uja anayendetsa chala pakona, anayendetsanso. "Chidindo chili kuti?"

"Chili pomwepo, mayi."

"Chinalipo. Makina anachisita. Ndani anakuuzani kuti mulitenthe?"

A Gidiyoni anayang'ana denga, monga akuchitira panomu. Denga la kukhoti amalidziwa bwino kuposa amene analikhoma.

Mayi uja anati tibwerere ku Chipata tikatenge lina, lotsimikizidwa ndi khoti lomwe linagamula. Apa ndiye pamene mantha anandigwira kwenikweni, pakuti pepala lili ndi masiku ake, fodya alinso ndi masiku ake, ndipo fodya sadikira khoti. Ndikakhala pamakina, lole ya mabelo ikadutsa pamsewu, mtima unkagunda mpaka singano inkaduka. Ndikudziwa kuti fodya wa ku Kabudula sadutsa pa Namitete, koma mtima sudziwa mapu. Ndinaonda, abale. Chitenje chimene chimandizungulira kamodzi ndi theka chinkandizungulira kanayi. Ntchito inasokonekera. Pali bambo wina muno amene ndinamusokera buluku lopanda potulukira mwendo wakumanzere. Simunadandaule, bambo, Mulungu akudalitseni.

Ndinapemphera. Ndinagwada mpaka maondo anakumba timaenje tiwiri pansi, ndipo pano nkhuku yanga ikuikira m'kamodzi. Amene akukayika abwere adzaone. Koma abusa, ndiulule pamaso pa mpingo: pemphero langa silinali loyera. Ndinkapempha kuti fodya wa eni ake achite nkhungu. Fodya amene agogo aja anamuweramira chaka chonse! Ndinalapa, koma ndinkalapa masana n'kubwerezanso m'mawa.

Ku Chipata ndinakhala masiku atatu kwa mnzanga amene tinkapemphera limodzi kale. Mzere wa kukhoti unali wautali moti mayi amene anali patsogolo panga anafika ndi mwana wakumbuyo, pochoka mwanayo ankayenda yekha. Ndinaona ndi maso angawa. Tsiku lachitatu faelo inapezeka, anandipatsa pepala lina, chidindo chake chotupa bwinobwino. Ndinaliika pakati pa makatoni awiri. M'minibasi sindinalole munthu kundikhudza. Kondakitala anati, "Mayi, mwanyamula mazira?" Ndinati, "Ayi, achimwene, ndanyamula mwana."

Nditafika, a Gidiyoni anatambasula dzanja kuti alione. Ndinati, "Aone ndi maso, manja akhale m'thumba."

Tinakalipereka kukhoti ku Lilongwe, anatipatsa tsiku, tinayamba kudikira. Sabata, sabata ina, inanso. Tsiku lililonse ndinkaimbira mkazi wa msuweni uja: "Mabelo alipo?" Iye, "Alipo." Tsiku lina anati, "Lole ikubwera mawa." Tsiku limenelo sindinadye, sindinasoke, ndinangokhala n'kumayang'ana yunifolomu ya Tadala pa msomali. Mawa lake anaimba yekha: lole imene kalabu yawo ya alimi a fodya inapangana nayo yathyoka chitsulo cha kunsi isanafike n'komwe. Abale, ine za lole sindinapemphe. Ndinapempha nkhungu. Mulungu anakana nkhungu, fodya wa agogo anakhala wabwinobwino, Iye n'kusankha njira yake. Aleluya!

Tsiku la khoti linafika, bambo a Tadala anaitanidwa ndipo anabwera. Woweruza anayendetsa chala pa chidindo. Anafunsa bambowo ngati akuchidziwa chigamulocho. Anavomera ndi mawu aang'ono ngati a udzudzu. Khoti linachivomereza, n'kulamula kuti mwana abwerere kwa mayi ake.

Panja ndinati tipite ndi apolisi lero lomwe. Apa a Gidiyoni, kwa nthawi yoyamba m'nkhani yonseyi, anayankhula zanzeru. "Mlongo, pepala lamasula za boma. Za nkhuku ija timasule ife. Ukamutenga ndi apolisi, mwanayu sadzapondanso kwa agogo ake mwamtendere."

Loweruka tinakakhala pansi pa mtengo uja. Nkhoswe ya kuchimuna, amalume awo a bambo a Tadala, ndi nkhalamba yosawerenga Chingerezi. Anapempha pepala. Ndinawapatsa. Analisisita ndi chala chachikulu pa chidindo, n'kundibwezera.

"Ukwati ukatha, mwana ndi wa kuchikazi," anatero. "Zimenezo sitinafunikire Zambia kuti atiphunzitse. Koma inu a Gidiyoni, mlongo wanu anabwera chaka chatha. Munali ndi nthawi yoveka pepala malaya, koma yobwera kudzandiuza ine nkhoswe mnzanu kuti banja latha munalibe?"

Kunalibe denga pamenepo, abale. A Gidiyoni anayang'ana masamba.

Ndipo mkuluyo ananena zoona. Ifenso tinalakwa. Tinayesa kuti pepala likwanira, tinaiwala anthu amene anamanga ukwatiwo. Tinapepesa. Bambo a Tadala anandisudzula pamaso pa ankhoswe monga mwa mwambo. Agogo aja analowa m'nyumba, anatuluka ndi kathumba ka zovala za mwana ndi mtedza m'kansalu. Tili pomwepo tinamva kulira kwa injini. Lole ija, atayikonza, inali ikulowa pabwalo kudzanyamula mabelo. Pamene anyamata ankakweza belo loyamba, Tadala anali akukwera kabaza, atandigwira m'chiuno. Apa sindinawonjezere ngakhale kambewu ka mchere.

Mantha sanatheretu, ndisakunamizeni. Chigamulo chomwecho chimati pa holide mwana azipita kwa bambo ake, ndipo holide ikubwera. Ndidzamuperekeza ndekha, a Gidiyoni adzakamusiya m'manja mwa nkhoswe mnzawo, osati mwa wina aliyense. Mumupempherere, ndipo nanenso mundipempherere kuti ndisadzapemphenso nkhungu.

Pepala latsopano lili m'Baibulo, losavala kanthu. Chiswe ndachipereka m'manja mwa Ambuye. Lakale lija ndimaolera zinyalala pansi pa makina, ndipo pa ntchito imeneyo silinandikhumudwitsepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona misozi yanga n'kukonza pemphero langa lokhota. Ndikuthokoza amayi amene munkabwera kudzakhala nane pakhonde paja osafunsa zambiri. Tadala, ima mwanangu, akuone. Ndi ameneyo, wavala diresi lobiriwira. Manja a diresilo onse awiri ndi ofanana, mutha kuyeza. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane, mpingo wa Mulungu, mwana wanga ali pano! Nanunso a Gidiyoni, tsitsani maso, denga silikudontha. Imirirani tiimbe. Ameni!