Gitala Yomwe Inafika ku Polisi Khosi Lokha

Ine, amene makasitomala ngakhalenso mkazi wanga amanditcha Wamagitala, wa zaka 52, ndimakhala pamwamba pa shopu yanga mumsewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndinaphunzira zoimbaimba kukoleji, koma chomwe chimandidyetsa ndi kukonza magitala komanso kuuza anthu mtengo womwe gitala yakale ingagulitsidwe. Ndikupereka umboni pa dandaulo loti ndathyola gitala ya eni ake.

Lero m'mawa nditangotsegula shopu, kunabwera mayi wina atavala yunifolomu ya unamwino, atanyamula gitala yamagetsi m'chikwama chong'ambika. Anati ndi ya bambo awo, omwe kale ankaimba m'mahotela koma pano anafa ziwalo mbali imodzi. Anati achimwene awo, oyendetsa takisi, apeza munthu wofuna kuigula pa mtengo wa wailesi, ndiye mayiwo akufuna amve kaye kwa wodziwa.

Nditatsegula chikwamacho ndinapita kukasamba m'manja. Nditabwerako ndinayang'ananso, n'kupita kukasambanso. Magitala a mtundu umenewu ndinkangowaona pazithunzi. Penti inali yakufakitale, yoperepeseka pomwe mkono umakhudza.

Ndinawafotokozera mayiwo kuti gitala yakale sitiyesa ndi kuwala kwake. Ogula amafuna chilichonse chikhale chomwe inachoka nacho kufakitale, ndi dzimbiri lomwe. Ndinawauzanso kuti zachinyengo n'zambiri, ndipo chaka chenicheni chimalembedwa ndi pensulo kunsi kwa khosi, thabwa lalitali lija lomwe zala zimayendapo, pamalo pomwe limalowa m'thupi la gitala. Kuti uwerenge umayenera kumasula masikuluwu anayi n'kuchotsa khosilo. Anafunsa kuti, "Ndiye libwererapo?" Ndinati libwererapo. Anati, "Chitani, koma pofika madzulo ikhale ili kunyumba. Bambo ndawauza kuti yapita kukasintha nsambo." Anapita kuntchito.

Ndinakhoma chitseko, ndinayala bulangete patebulo, ndinamasula nsambo, kenako masikuluwu. Chaka chinalipo. Gitalayo imandiposa ndi zaka khumi. Ndinakhala pansi kaye. Mkazi wanga atabwera ndi tiyi ndinamubweza pakhomo pomwepo.

Cha kumasana munthu anamenya chitseko ndi chibakera. Nditatsegula analowa mwamuna wojintcha, makiyi a galimoto ali m'manja. Anati ndi mwana wa eni gitalayo, ndipo wakhala akuifunafuna m'mashopu chimvereni kwa bambo ake kuti yapita kukasintha nsambo. Anayang'ana patebulo n'kufuula kuti, "Mayo ine! Mwaipha?"

Ndinati sinafe, ndangoivula.

Anati, "Kuvula kwake kumeneku? Inuyo mukamavula malaya, khosi limatsala patebulo?"

Ndinayamba kufotokoza za pensulo koma sanamvere. Anatola khosilo ngati mpini n'kundiloza nalo kumaso. Ndinati, "Bambo, ngati n'kumenya ndimenyeni ndi mpando uwo, koma chimenecho ikani pansi." Anati akupita nalo kupolisi kuti akadzionere okha. Potuluka, khosilo linaphonya felemu ya chitseko ndi mpata wosakwana chala.

Analiponya kumbuyo kwa takisi yawo, pansi pa galasi pomwe dzuwa limawomba. Ndikupempha kuti izi zilembedwe bwino: thabwa lakale likatenthedwa limapindika, ndipo likapindika gitalayo yapita. Khosi lina munthu akhoza kuikapo, koma ogula satembenukanso.

Ndinakulunga thupi la gitalayo m'bulangete, masikuluwu ndinaika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Ndinaimbira foni mayi aja, kenako ndinakwera njinga yamoto yonyamula anthu n'kutsatira takisiyo. Panjira takisiyo inaima n'kunyamula mayi wina, amene anasanjika chikwama chake pamwamba pa khosilo. Ndinakuwa. Woyendetsa njinga anandipempha kuti ndisiye kumutsina m'nthiti.

Titafika kuno kupolisi, khosilo linaikidwa pakauntala. Wapolisi wolandira madandaulo anatulutsa cholembera cha inki yosafufutika kuti alembepo nambala ya mlandu. Ndinaphimba ndi dzanja langa, ndipo theka la nambalayo linalembedwa padzanjapa. Likadalipo. Anati khosilo litsala kuno ngati umboni mpaka mlandu udzalowe m'khothi. Ndinafunsa kuti liti. Anati zimatengera. Ndinafunsa kosungira kwake. Anandilozera chipinda chamalata kuseriku, momwe muli njinga zogwidwa ndi matayala. Ndinapempha madzi akumwa.

Wapolisiyo anandifunsa ngati ndikuvomera kuti gitalayo inabwera kwa ine ili imodzi ndipo tsopano zilipo ziwiri. Ndinavomera. Achimwene aja anawomba m'manja n'kunena kuti, "Lembani, bwana, wavomera yekha!"

Tili mkati mokangana, mayi aja analowa akukankha bambo awo pampando wamatayala. Anauza achimwene awo kuti, "Taonani, mwandichititsa kuwanyamula odwala." Iwo anati, "Wayamba kuba gitala m'nyumba ndani?"

Madalawo amalankhula pang'onopang'ono, choncho tonse tinatchera khutu. Anayang'ana khosi pakauntala, n'kuyang'ana bulangete lomwe ndinakumbatira. Anafunsa kuti wamasula ndani. Ndinati ndine. Anafunsa za masikuluwu. Ndinawaonetsa onse anayi. Anatembenukira mwana wawo wamwamuna n'kunena kuti, "Iwe, ndinayamba kuimasula usanabadwe. M'basi ukuganiza kuti inkalipira mpando? Inkalowa musutikesi."

Achimwenewo anati, "Nanga osandiuza bwanji?"

Madala anati, "Unafunsapo? Iwe umangofunsa kuti tigulitsa liti."

Wapolisi anati ngati zili choncho ndiibwezeretse onse akuona. Ndinayala bulangete pakauntala. Sikuludiraiva inandipulumuka kawiri. Nditamanga masikuluwu ndi kukunga nsambo, ndinatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khosilo kuchokera kumutu mpaka kunsi. Ndinayang'ananso mbali inayo. Linali lowongoka.

Ndinaika gitalayo pamiyendo pa madala. Dzanja lawo lamanzere siligwira, ndiye ine ndinadina nsambo pakhosi, iwo n'kukhwatcha ndi lamanja. Inalira bwinobwino. Achimwene aja anati akuchotsa dandaulo, ndipo anandifunsa nthawi yomweyo kuti, "Ndiye akulu, ingapite pa zingati?"

Ndisanayankhe, madala anandikoka malaya kuti ndiwerame. Anati ndiwauze pakhutu. Ndinawauza. Anati ndibwereze, mwina khutu nalonso linafa. Ndinabwereza. Kenako ananena mokweza kuti, "Ana angawa mukawauza, ndikadzafa ndizidzagona kushopu kwanu."

Bwana wa pakauntala, mwandifunsa katatu mtengo wa katunduyu kuti mutseke nkhaniyi. Mtengowo ndikuudziwa, koma mwini wake wandiletsa pamaso panu. Mayi aja, omwe anandipatsa ntchitoyi, andifunsanso pakhonde, ndipo ndawauza kuti akafunse bambo awo. Sanatsanzike.

Achimwene aja sanapite. Takisi yawo yaima pageti, injini ikulira. Alowa kawiri kudzandiuza kuti andiperekeza kunyumba ulere, ndipo ulendo wachiwiriwu anditcha "achimwene anga" n'kundigulira zakumwa. Ndikupempha kuti ndikasaina munditulutsire khomo lakuseri.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, kupatulapo chimodzi chomwe ndaletsedwacho.

Wosaina: Wamagitala ..............................
Wolemba umboni: wapolisi wa pakauntala ..............................